Phwando Lothokoza Mayi Rudkin

Bambo anga, a Penisimani Lolohea, anagwira ntchito yonyamula nyama kophera ng'ombe mpaka miyendo inakana. Anali munthu wa thupi lake, woti akakhala pa benchi ya kutsogolo ku tchalitchi kwathu ku Mount Druitt, anthu awiri ankasamukira kumbuyo mwakachetechete. Ndiye tsiku lomwe ndinapeza kuti aboola lamba wawo ndi msomali kuti buluku lisamagwe, sindinafune wondiuza kuti m'nyumba ya okalamba ija mwalowa njala.

Kuwapititsa kumeneko sikunali kufuna kwanga. Sitiroko itawagwetsa, kunyumba kwanga kunali masitepe, ine ndinali pa ntchito yochapa nsalu ku chipatala, ndipo kunyamula ndekha munthu ngati ameneyo kukanandithyola msana. Kwa ife ochokera ku zilumba za Tonga amene tikukhala kuno kwa azungu, kusiya kholo m'manja mwa alendo ndi manyazi aakulu. Miseche ndinaimva yonse, ina yochokera kwa anthu oti sanabwerepo n'kamodzi komwe kudzawasambitsa. Chomwe chinkanditonthoza chinali Lamulungu. Tikaweruka ku tchalitchi tinkapita ndi chakudya chakwathu: chilazi, chinangwa, ndi lu, nyama ya nkhosa yophikidwa m'masamba a chomera chotchedwa talo ndi mkaka wa kokonati. Bambo ankadya ndi manja, mafuta akutsikira m'zigongono, n'kumagawirako a Stan, mzungu wa chipinda choyandikana nawo amene ana ake anamuiwala kalekale.

Kenako kunabwera mkulu watsopano, Mayi Rudkin, mzimayi woseka ndi mano okha, makiyi ali lende pakhosi. Asanaloweze n'komwe mayina a anthu, mbale zinayamba kupepuka. Masana kambatatesi kosinja kongodzaza supuni, sawawa zowerengeka, ndi kanyama koti ukakakweza m'mwamba dzuwa ulionera momwemo. Madzulo buledi wozizira wa tchizi, basi, kagoneni. Pamwamba pa zimenezo anati chakudya chochokera kunja chisalowenso. Sanalembe paliponse lamulolo, mzimayiyo anali wochenjera. Ankangokudikirira pakhomo n'kukugwira pamkono ngati mnzako wa kalekale.

"Kalolaine, wokondedwa, ndi nkhani ya matenda. Komanso fungo, ena likuwasowetsa mtendere."

"Fungo la chakudya?"

"La chakudya chanucho."

Anatiitana ku msonkhano wokonza za chisamaliro cha bambo, umene amafunsa munthu nthawi imene amafuna kusamba ndi zimene amafuna kudya. Anatikhazika mu ofesi yake, iye kuseri kwa kompyuta.

"Bambo Lolohea, mumakonda kudya chiyani? Nenani momasuka."

Bambo anaweramitsa mutu. "Chilichonse chimene mwakonza n'chabwino, mayi. Mulungu akudalitseni."

Kwathu mlendo saitanitsa. Wokhala m'nyumba ya mwini amayamika ngakhale am'patse madzi otentha okha, ndipo ndi ntchito ya mwini nyumbayo kuyang'ana yekha ngati mlendo wakhuta. Mayi Rudkin analemba kuti bambo alibe chakudya chimene amakonda. Ine ndinazisiya zilembedwe choncho, chifukwa mwana satsutsa bambo ake pamaso pa anthu.

Lamulungu lina azakhali anga a Lesieli, mlongo wawo wamkulu wa bambo, anadzuka m'mamawa ndi nyamakazi yawo yomwe n'kuphika lu ndi manja awo. Anaikulunga m'kansalu kawo ka maluwa ofiira.

"Kam'patse Peni. Umuuze kuti ndanena ine, atsirize."

Mayi Rudkin anandipeza nako pakhomo. Tsiku limenelo sanakane. Anati ndimusiyire, akatenthetsa bwinobwino kukhitchini n'kuwapatsa madzulo. Ine wopusa ndinakhulupirira. Pobwerera ndinatulukira khomo la kuseri koimika magalimoto, ndipo kansalu ka maluwa ofiira kanali kakusuzumira m'bini. Ndinapisamo dzanja. Chakudya cha azakhali chinali chidakali chofunda, chitagona pamwamba pa matewera.

Ndinabwerera mkati ndi kansaluko m'manja. Mzimayiyo sanaphethire n'komwe.

"Ndachita zimenezo poteteza bambo anu, Kalolaine. Mudzandithokoza tsiku lina."

"Tidzakuthokozani ndithu," ndinatero.

Kuyambira tsiku limenelo ndinam'sungira chakukhosi, ndipo sindinafune kuti chizizire. Ku tchalitchi tikafika pa mawu okhululukira adani, ine ndinkatseka pakamwa n'kudikira kuti anzanga adutsepo. Azakhali sindinawauze, ndinkaopa kuti mtima wawo uima. Bambo anapitiriza kuonda, kolala ya shati ili khwekhwerere, mphete ya ukwati akuisunga m'kabati chifukwa inkagwa yokha.

M'nyengo yozizira pakhomo panamatidwa chidziwitso choti oyendera a boma ali m'nyumbamo, ndipo achibale ofuna kulankhula nawo ndi omasuka. Sabata imeneyo ndiye munaoneka zozizwitsa. Pa matebulo panabwera nsalu, m'mabotolo munamera maluwa, ndipo Mayi Rudkin ankagwada pambali pa nkhalamba iliyonse n'kumaisisita dzanja. Ndinapempha tchuthi kuntchito n'kukapeza mmodzi wa oyenderawo, Bambo Farrugia, munthu wadazi wa maso otopa. Ndinamukhuthulira zonse. Anamvetsera osandidula, kenako anati tipite limodzi kwa mwini wake.

"Bambo Lolohea, chakudya cha pano mukuchiona bwanji?"

Bambo anadzikonza pa njinga yawo ya olumala, n'kumwetulira. "Chabwino kwambiri, bwana. Anthu a pano ndi achifundo."

"Mumakhuta?"

"Timakhuta, bwana. Zikomo pobwera kudzationa."

Manyazi anapha lambe. Ndinafuna kukuwa. Panja pa chipindacho Bambo Farrugia anandiuza mosabisa kuti mutu wa bambo anga ukugwira bwino, ndiye mawu awo ndi amene ali ndi mphamvu kuposa anga. Anati anafunsa kale za kuondako, ndipo anayankhidwa kuti nkhalambayo chilakolako cha chakudya chinaithera, ndi ukalamba. Za lamulo loletsa chakudya cha kunja, Mayi Rudkin anati kulibe lamulo lotero, achibale ndi omasuka kubweretsa chilichonse nthawi ina iliyonse.

"Anatero?" ndinafunsa.

"Anatero, ndipo ndalemba."

"Mawa mudzakhala mudakali pano?"

"Mpaka madzulo."

Ndinapita molunjika kwa azakhali ku Blacktown. Ndinawapeza akuonera mpira wa ragibi, akutukwana woimbira. Ndinagwada pansi, ndinaika kansalu kaja pamiyendo pawo n'kunena zonse, mpaka za matewera. Azakhali anazimitsa wailesi ya kanema. Kwathu mlongo wa mwamuna ndi mfumu yake. Mwamuna akhoza kukhala mlaliki, bwana, chimphona chonyamula theka la ng'ombe paphewa, koma mlongo wake akanena, nkhani yatha. Ndiye kutaya chakudya chophika mlongo n'kuchiika pa zonyansa, sindidziwa kuti mzungu ndingamufotokozere bwanji kukula kwake.

"Ndikam'menye, azakhali?"

"Iwe, uli ndi nzeru ngati bambo ako. Ukam'menya apolisi atenga iwe, iye atsala akudya bwino." Anapinda kansaluko mosamala. "Akuti tidzam'thokoza?"

"Anatero."

"Ndiye tisam'khumudwitse mwana wa eni. Ndipatse foniyo."

Azakhali akaimba foni palibe amene amati ndatanganidwa. Amayi a ku tchalitchi anasiya zochapa, amuna awo anatumidwa kukasaka nkhumba, ndipo kuseri kwa nyumba zingapo kunafuka utsi umene aneba anaudandaula mpaka kutopa. Ine ndinasenda chinangwa mpaka zala kuchita dzanzi, ndipo pa chinangwa chilichonse ndinkaona nkhope ya mzimayi uja. Sindinagwirepo ntchito mokondwa chonchija.

Mawa lake, nthawi ya chakudya cha masana itayandikira, basi ya tchalitchi inaima pakhomo pa nyumba ya okalamba. Tinatsika titavala za ulemu, mikeka yathu yomanga m'chiuno, tikuimba nyimbo ya chiyamiko. Patsogolo azakhali ndi ndodo yawo, pambuyo pawo ana a nkhumba awiri owotcha ali ngwee, madengu a lu, chilazi, chinangwa, nsomba ya mu mkaka wa kokonati, mavwende. Mayi Rudkin anatuluka mu ofesi akuthamanga, Bambo Farrugia ali pambuyo pake ndi cholembera.

"Kalolaine, n'chiyani chimenechi?"

"Tabwera kudzakuthokozani, mayi. Paja achibale ndi omasuka kubweretsa chilichonse, si choncho?"

Anayang'ana ine, anayang'ana nkhumba, anayang'ana woyendera. Anagwira njakata. Akatibweza, ndiye kuti lamulo lija lilipo ndipo dzulo ananama kwa boma. Akatilola, ndiye kuti chimene ankachiopa chilowa ndi miyendo yake. Khosi lake linafiira mpaka m'makutu, koma mano aja anawatulutsabe.

"Lowani, lowani. Zosangalatsa bwanji!"

Tinalumikiza matebulo m'chipinda chodyera. Mayi Rudkin tinam'khazika kumutu kwa thebulo, mpando wa mlendo wolemekezeka, tinam'veka nkhata ya maluwa pakhosi pamwamba pa makiyi ake, ndipo amayi awiri a matupi awo anakhala uku ndi uku kuti asamve kusungulumwa. Anamwino anakankha njinga za nkhalamba kubwera nazo, ndipo amene sangathe kumeza zolimba tinawasiyira anamwinowo kuti awasinjire chilazi ndi msuzi. Sitinabwere kudzatsamwitsa munthu.

Abusa atapemphera, m'chipindamo munangomveka masupuni. Sindinaonepo anthu akudya chonchija. Gogo wina wachizungu amene ankati salankhula anapempha kuti amuonjezere khungu la nkhumba. A Stan ankadya uku akubisa chinangwa m'thumba la jekete. Bambo anga, munthu uja chilakolako chinamuthera, anamasula lu yoyamba, yachiwiri, yachitatu, osadzutsa mutu, misozi ikugwera m'mbale. Bambo Farrugia anaima pakhoma osadya kanthu, maso ake akuyenda mbale ndi mbale.

Ndiye azakhali anagogoda ndodo pansi. Paphwando lathu pamakhala mawu othokoza, ndipo wolankhula sadulidwa. Analankhula m'chinenero chathu, ine nditaima pambali pawo kumasulira m'Chingelezi, mokweza, pang'onopang'ono, kuti cholembera cha bwana uja chisatsalire.

"Tikuthokoza Mulungu, tikuthokoza abusa, tikuthokoza alendo a boma. Koma koposa tikuthokoza mayi wathu uyu wakhala apayu. Mayi, munalandira mlongo wanga ali chimunthu chotopetsa kunyamula, ndipo mwam'pepukitsa. Lero mwana wamng'ono akhoza kum'nyamula ndi dzanja limodzi. Zikomo."

Amayi onse anaomba m'manja. "Zikomo, mayi!"

"Tikuthokoza potiphunzitsa kuti chakudya chathu chimanunkha. Tadya zaka zonsezi osadziwa, ife anthu osaphunzira. Zikomo."

"Zikomo, mayi!"

"Tikuthokoza kuti chakudya chimene ndinaphika ndi manja opindika awa simunachitaye pamtunda pomwe agalu akanachipeza. Munachisunga bwino m'bini, pamwamba pa matewera, ndi kansalu kanga komwe. Ulemu wotero sitinauonepo. Zikomo."

Apa m'manja munaombedwa mwamphamvu mpaka mawindo kunjenjemera. Mayi Rudkin anayesa kudzuka, koma amayi a m'mbali aja anam'gwira mapewa mwachikondi n'kum'bwezera pampando.

"Pali kusamvetsetsana," anatero, mawu akutuluka opyapyala. "Bambo Lolohea anena okha dzulo kuti amakhuta."

Bambo Farrugia anachoka pakhoma paja. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bambo, maondo kugundana ndi njinga.

"Bambo Lolohea, ndikufunsaninso. Pano mumakhuta?"

Bambo anapukuta manja pa nsalu, nthawi yaitali, chala ndi chala. Anayang'ana kwa Mayi Rudkin, ndipo ndinaona pakamwa pawo pakukonzekera kunenanso zachifundo zija.

"Peni," anatero azakhali, osakweza mawu. "Ndakufunsa ndine. Yankha."

Bambo anatseka maso. Munthu amene analalikira pa guwa zaka zambiri, amene sanapemphepo kanthu kwa munthu, analankhula ngati mwana wogwidwa.

"Njala ndili nayo, bwana. Akachotsa mbale masana amasiya ngolo yonyamulira mbalezo m'khonde. Ndimadzikankha kupita pomwepo n'kumatola makoko a buledi otsala m'mbale za anzanga. Nthawi zina timagawana ndi Stan. Tsiku lina mayiwa anandipeza, anandiuza kuti ndi khalidwe lonyansa, n'kulamula kuti ngoloyo izitsekeredwa."

Zimenezi sindinkazidziwa. Ndinkaganiza kuti mkwiyo wanga unafika kale pothera, koma unali usanayambe. Bambo anga kutola makombo a anthu! A Stan anakweza dzanja n'kunena kuti ndi zoona, iwo ndi amene ankayang'anira ngati kukubwera munthu.

Kenako bambo anatembenukira kumutu kwa thebulo n'kuwerama. "Mundikhululukire, mayi, ndalankhula zoipa m'nyumba mwanu."

Kupepesako kunandilasa kuposa njala ija. Ndinayang'ana mzimayiyo m'maso, ndipo sindinachotse maso mpaka iye anayang'ana pansi, nkhata ya maluwa ili pakhosi. Bambo Farrugia anaimirira n'kum'pempha mwaulemu kuti apite naye kukhitchini akaone zimene zili m'mafiriji, kenako mu ofesi. Chitseko cha ofesi chitatsekedwa, azakhali anati nyimbo ipitirire, ndipo tinaimba mokweza kuti amve ali momwemo.

Oyendera sanachoke madzulo aja monga ankanenera. Anabweranso, ndi anzawo ena, n'kuyeza nkhalamba iliyonse pa sikelo. Eni nyumbayo, amene sitinawaonepo chiyambire, anatulukira ndi masuti awo akupepesa aliyense wokumana naye. Kukhitchini kunabwera wophika wina, ndipo msonkhano wa chisamaliro cha bambo unachitikanso azakhali ali pompo ndi ndodo yawo, kuyankha funso lililonse asanatsegule pakamwa mlongo wawo. Mayi Rudkin anauzidwa kuti alongedze.

Tsiku lomwe ankachoka ndinali m'chipinda cha bambo ndikuwadulira zikhadabo. Pawindo tinamuona akutuluka ndi katoni m'manja, yekha, palibe womuperekeza. Bambo anausa moyo.

"Laine, munthu sachoka panyumba manja ali lende. Tenga lu iyo ili m'mbalemo, sindinaikhudze, ukam'patse ya panjira."

"Bambo, ameneyo?"

"Pita, mwana wanga."

Mwana satsutsa bambo ake. Ndinatenga mbaleyo n'kutuluka. Ndinam'peza koimika magalimoto akulimbana ndi chitseko, katoni itatsamira pa ntchafu. Ataona mbale m'manja mwanga nkhope yake inafewa, maso anadzaza misozi.

"Kalolaine, ndi ya ine?"

"Atumiza bambo," ndinatero.

Anaika katoni pansi n'kutambasula manja onse awiri. Ine ndinatsamira galimoto yake, kuseri komwe windo la bambo silifika, ndinamasula masamba aja nthunzi ili tolotolo, n'kuyamba kudya. Ndinadya pang'onopang'ono, ndi manja, ndikumuyang'ana. Anaima pomwepo manja ali chitambasulire, osatha kutsegula chitseko chifukwa ndinali nditachitsamira, mpaka ndinatsiriza ndi kunyambita zala zonse.